Nkhanu ndi ma prawns: chomwe wogulitsa ayenera kudziwa kasitomala akakhala woyembekezera

M'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe si zachilendonso kuona munthu atanyamula cooler box akulowa m'maofesi, m'malesitilanti ndi m'maloji kutsatsa ma prawns, nkhanu ndi kalamari zochokera ku Mozambique. Ena amangoika zithunzi pa WhatsApp, kasitomala n'kutumiza ndalama pafoni, katundu n'kumupeza pakhomo madzulo. Phindu lake limaoneka chifukwa katunduyu sapezeka paliponse ngati usipa kapena matemba. Koma ndi malonda osachedwa kudya mpamba, pakuti nyama za m'madzi zokhala ndi zigoba zimaonongeka msanga kuposa nyama ya mbuzi, ya nkhuku, ngakhalenso chambo.

Pali funso limodzi lomwe aliyense wochita malondawa amakumana nalo tsiku lina. Mayi wapakati, kapena bambo amene atumidwa ndi akazi awo, amafunsa ngati chakudyachi n'choyenera munthu woyembekezera. Ogulitsa ena, poopa kuti ndalama ingawadutse, amayankha msanga kuti, "Idyani amayi, palibe vuto." Ena mwa mantha amangoti n'zoletsedwa, kasitomala n'kubwerera ndi ndalama yake. Mayankho onse awiriwa ndi operewera. Ma prawns ndi nkhanu zosungidwa bwino komanso zophikidwa mpaka kupsa ndi chakudya chabwino kwa mayi woyembekezera. Zosapsa, zosungunuka n'kuumitsidwanso, kapena zosadziwika kumene zatoledwa, zingathe kumutayitsa mwana. Ndipo gawo lalikulu la nkhaniyi lili m'manja mwa wogulitsa, chifukwa mayiyo amangoona katundu ali kale pa tebulo. Ulendo umene katunduyo wayenda kuchoka kunyanja amaudziwa ndi mwini malonda.

Tizilombo tosanunkha

Mayi akakhala ndi pakati, chitetezo cha m'thupi mwake chimasintha kagwiridwe ka ntchito kuti chisalimbane ndi mwana amene akukula m'mimba. Zotsatira zake n'zakuti tizilombo tina, timene munthu wamba tingangomutsegula m'mimba tsiku limodzi kapena awiri, kwa iye timafika patali. Pa zakudya zosungidwa pozizira, koopsa kwambiri ndi kotchedwa Listeria. Bungwe loona za matenda la ku America, la CDC, limati mayi woyembekezera ali pa chiopsezo chodwala nthenda ya kachilomboka kuwirikiza pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi anthu ena. Choipa chake n'chakuti mayiyo mwina sangagone nayo n'komwe. Angomva kutentha thupi, kuphwanya kwa mafupa ndi mutu, ngati chimfine kapena malungo ongoyamba kumene. Koma kachilomboko kamadutsa m'magazi a mayi n'kukafika kwa mwana, ndipo mapeto ake angathe kukhala kupita padera, mwana kufera m'mimba, kubadwa masiku asanakwane, kapena kubadwa ali wodwalika.

Listeria amasiyana ndi tizilombo tambiri pa chinthu chimodzi chofunika kwa aliyense amene ali ndi firiji: amapitiriza kuswana ngakhale pamalo pozizira, ndipo kuumitsa mu firiza sikumupha. Chimamupha ndi moto basi. Chakudya chomwe walowamo sichinunkha, sichisintha mtundu, sichiwawasa. Zizindikiro nazo zimatha kutenga masabata angapo, nthawi zina kupitirira miyezi iwiri, zisanaoneke, moti mayi akamadzadwala amakhala ataiwala kale zomwe anadya ndi kumene anazigula.

Amalonda amene ankapikula katundu ku Johannesburg mu 2018 akukumbukira bwino. Pakati pa 2017 ndi 2018, anthu opitirira 1,000 anadwala nthenda imeneyi ku South Africa ndipo opitirira 200 anamwalira. Pafupifupi anayi mwa odwala khumi aliwonse anali makanda ongobadwa kumene. Gwero lake linapezeka kuti ndi polony wa fakitale ina ya ku Polokwane, ndipo mu Malichi 2018 maiko angapo a m'chigawo chino, kuphatikizapo Malawi, analetsa kulowetsa nyama zoterezi kuchoka kumeneko. Polony si nkhanu, koma ngozi yake ndi imodzimodzi: chakudya chophikidwa kale kufakitale, chosungidwa pozizira, chodyedwa osachitenthetsanso. M'gulu limeneli muli ma prawns apinki ogulitsidwa atapsa kale, timitengo toyera ndi tofiira totchedwa crab sticks, ndi nsomba zowamba za m'mapaketi zokhala m'firiji. Zimenezi anthu amakonda kuzithira mu saladi zili zozizira. Kwa mayi wapakati ziyenera kubwerera pamoto mpaka nthunzi kutuluka.

Kachilombo kena ndi ka mtundu wa Vibrio, kamene kamakhala m'madzi ofunda a m'nyanja yamchere, makamaka pamene mitsinje imathira m'nyanjamo. Malo omwewo ndi amene ma prawns ndi nkhanu zimakulira. Kameneka kamachulukana mofulumira kwambiri katundu akangofunda, ndipo kamayambitsa kutsegula m'mimba, kusanza ndi kupotokola. Mtundu wina woopsa umalowa m'magazi, ndipo ungalowerenso pa bala la munthu amene akusenda ma prawns ndi manja, kotero mayi wapakati amene ndi iye mwini malonda asagwire katundu ali ndi chilonda chosamanga. Kachilombo ka kolera nako ndi ka banja lomweli ndipo kamatha kumatirira pa zigoba. Dziko lino silinaiwale mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, n'kudwalitsa anthu opitirira 58,000 ndi kupha opitirira 1,700. Kolera ikagwira mayi woyembekezera, madzi n'kutha m'thupi, magazi opita kwa mwana amachepa, ndipo mwanayo angathe kutayika ngakhale mayi atachira.

Apa wogulitsa aganizire za madzi amene amatsukira katundu ndi amene amaumitsira ayezi. Ayezi wa madzi a pachitsime chosatetezedwa amaipitsa katundu yemwe anachoka kunyanja ali bwinobwino, chifukwa kuzizira sikuyeretsa madzi. Madzi a ayezi akhale omwewo amene munthu angamwe: a pampopi, owiritsa, kapena othira klorini.

Za zigoba ziwiri ndi nkhani ina

Si nyama zonse za zigoba zomwe zili ndi ngozi yofanana. Ma prawns, nkhanu ndi lobster zimayenda n'kumadzifunira chakudya. Koma nkhono za m'nyanja zokhala ndi zigoba ziwiri zotseka ngati chikwama, monga ma oysters, ma mussels ndi zomwe ku Mozambique amati amêijoas, zimakhala malo amodzi n'kumasefa madzi. Oyster mmodzi wamkulu angathe kusefa malita opitirira 100 patsiku. Chilichonse chili m'madziwo chimatsalira m'thupi mwake. Ngati pafupi pamathira zonyansa za m'zimbudzi, nkhonozo zimasonkhanitsa mavairasi otsegula m'mimba ndi a matenda a chiwindi, a mtundu wa A ndi wa E, amene amaoneka ndi chikasu m'maso. Wa mtundu wa E ndiye mdani wa amayi apakati. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa amayi amene adwala nthendayi m'miyezi itatu yomaliza ya pakati, mmodzi mwa anayi kapena asanu aliwonse angathe kumwalira. Nthawi zambiri imafala kudzera m'madzi akumwa oipa, koma nkhono zosaphika ndi njira inanso. Ndiye chizolowezi cha m'mahotela ena chomeza oyster wamuwisi atangofinyira ndimu si cha mayi woyembekezera, ngakhale hotelayo ikhale yapamwamba chotani.

Pali ngozi inanso imene ngakhale moto umailephera. Nyengo zina tindere tating'ono kwambiri timachulukana m'nyanja yamchere mpaka madzi kusintha mtundu, kawirikawiri kufiira. Mitundu ina ya tindereti ili ndi poizoni amene nkhono zimamusunga m'thupi, ndipo poizoniyu satha ndi kuwiritsa, kukazinga kapena kuumitsa. Wodya amayamba kuchita dzanzi m'milomo ndi lilime pasanathe nthawi yaitali, ndipo zikafika poipa amalephera kupuma. Amalawi amene amakhala ku Cape Town amazidziwa zimenezi, chifukwa gombe la kumadzulo kwa South Africa limaona madzi ofiirawa pafupipafupi. Ku Elands Bay, ma lobster amatha kutuluka m'madzi ambirimbiri n'kudzaza gombe pothawa kuchepa kwa mpweya m'madzimo, ndipo akuluakulu a boma amachenjeza anthu kuti asatole. Chaulere chotere chimakopa, koma si chogulitsa. Kwa wamalonda wa kuno, mfundo yake ndi yakuti nkhono za zigoba ziwiri zimene sizikudziwika kumene zatoledwa asazipikule, ndipo ngati ali nazo kale asazipereke kwa mayi wapakati.

Nkhanu za m'mitsinje ndi m'nyanja ya Malawi, zomwe ana amakonda kugwira n'kuotcha pamakala, nazonso zimafuna kupsa mpaka mkati. Ku Asia ndi ku maiko ena a kumadzulo kwa Africa monga Nigeria ndi Cameroon, nkhanu za m'madzi opanda mchere zosapsa bwino zimapatsa anthu nyongolotsi za m'mapapo, zomwe zimatsokomoletsa magazi ngati TB. Kuotcha kwa mphindi ziwiri, kongodetsa chigoba, sikukwanira.

Ulendo wautali ndi magetsi osadalirika

Ma prawns ambiri a ku Mozambique amagwidwa m'dera la nyanja lotchedwa Sofala Bank, kufupi ndi Beira ndi Quelimane. Kuchoka ku Beira kudzera ku Tete ndi chipata cha Mwanza kukafika ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 800. Kuchoka ku Quelimane kudzera ku Mocuba, Milange ndi Muloza ndi makilomita opitirira 400. Tete ndi umodzi mwa mizinda yotentha kwambiri m'chigawo chino. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Onjezanipo kudikira pachipata, minibasi kuyembekeza kuti idzaze, ndi cooler box kukhala pansi pa mpando pafupi ndi injini.

Tizilombo timaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo zinthu zikatiyendera bwino tina timawirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. N'chifukwa chake akatswiri a zakudya amati nyama za m'madzi zisakhale kunja kwa malo ozizira kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kuposa madigiri 32, ola limodzi lokha. Wonyamula katundu wamuwisi ayale ayezi pansi, pakati ndi pamwamba, osati kungoponya chibuma chimodzi pakona. M'nyengo yotentha, kilogalamu imodzi ya katundu imafuna pafupifupi kilogalamu imodzi ya ayezi, ndipo pa ulendo wautali ayezi amafunika kuonjezera panjira. Madzi osungunuka azikhetsedwa kuti katundu asamire m'menemo. Ambiri amaumira pa ayezi chifukwa amadya malo a katundu komanso ndalama, koma mtengo wa ayezi ndi wochepa poyerekeza ndi cooler box lonse lotayidwa.

Katundu woumitsa ayenera kukhala pa madigiri 18 kunsi kwa ziro, wolimba ngati mwala. Vuto limabwera magetsi akazima, ndipo kuno sizifuna kufotokozera. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo ochita malonda a zozizira anaona zakuda. Firiza yodzaza, ngati sikutsegulidwa, imasunga katundu pafupifupi maola 48. Yodzaza theka, maola 24. Firiji wamba imangopirira maola anayi. Choncho malo otsala mu firiza ndi bwino kuwadzaza ndi mabotolo a madzi oundana, ndipo magetsi akazima chitseko chisamatsegulidwe kawirikawiri pofuna kuona ngati zinthu zili bwino.

Amene amachita lendi malo mu firiza ya munthu wina ali ndi vuto lapadera, chifukwa sadziwa zomwe zachitika usiku. Njira yosavuta ndi kuumitsa madzi m'kapu n'kuika ndalama yachitsulo pamwamba pake. Ikapezeka yamira mpaka pansi, ndiye kuti zinthu zinasungunuka n'kuumanso mwini wake asakudziwa. Komanso m'firiza zoterezi mumakhala zinthu zosakaniza: nkhuku, karapao, ndi mafirizesi ogulitsa kwa ana asukulu. Madzi a ma prawns akamadonthera pa zinthu zomwe anthu amayamwa osaphika, matenda apeza njira. Katundu wamuwisi akhale pansi, m'chidebe chotseka.

Nanga magetsi akabwera katundu atafewa? Ngati akadali ndi timiyala ta ayezi mkati ndipo akuzizirabe kwambiri, angathe kuphikidwa tsiku lomwelo. Ngati wasungunuka yense n'kukhala wofunda kupitirira maola awiri, ndi wotaya. Apa ndi pamene mtima wa wamalonda umayesedwa, pakuti m'firizamo mumakhala ndalama ya lendi, ya fizi, mwinanso ngongole ya kubanki m'khonde. Chiyeso chimakhala choumitsanso katunduyo n'kumugulitsa motsitsa mtengo, poganiza kuti kasitomala akaphika zonse zitha. Koma tizilombo tina tikachulukana timasiya poizoni amene moto sumuchotsa, ndipo wogulitsa sangasankhe kuti paketi yoipayo igwere munthu wamphamvu osati mayi wa miyezi isanu ndi iwiri. Kunena mosabisa, amene alibe njira yodalirika yosungira, kaya jenereta, sola kapena mnzake wa firiza kudera lina, ndi bwino azipikula pang'onopang'ono malinga ndi maoda amene ali nawo kale.

Popikula

Mphuno ndi chida choyamba. Ma prawns abwino amamveka kafungo ka madzi a m'nyanja. Akayamba kununkha ngati mkodzo wokhalitsa ndiye kuti aonongeka, ndipo kutsuka ndi viniga kumangobisa fungo. Mnofu wake ukhale wolimba, wosaterera, mutu wogwirana ndi thupi. Madontho akuda pa mutu ndi pa miyendo paokha si poizoni, koma amasonyeza kuti katundu wakhalitsa kapena anafundapo panjira. Pofuna kuletsa kudaku, mafakitale ena amaviika ma prawns m'mankhwala a sulphite, amene amavutitsa anthu ena a mphumu. Paketi yolongosoka imalemba zimenezi. Pa katundu woumitsa, paketi yong'ambika, ma prawns omatana kukhala chibuma chimodzi, kapena ayezi wa mtundu wa pinki wosonkhana pakona ya paketi, zonsezi zikutanthauza kuti anasungunukapo. Paketi ikhale ndi dzina la kampani, dziko lochokera ndi tsiku lothera ntchito, zomwenso a bungwe la Malawi Bureau of Standards amayang'ana pa zakudya zolowa m'dziko muno.

Pali chinthu china chokhudza thumba. Ma prawns oumitsa amawakuta ndi ayezi wopyapyala kuti asaume, ndipo zimenezi n'zololedwa, koma ena amachulutsa dala. Mwachitsanzo, ngati munthu wagula paketi ya kilogalamu imodzi pa K30,000 ndipo magalamu 200 ndi ayezi, ndiye kuti kilogalamu ya ma prawns enieni waigula pa K37,500. Wopikula aziwerenga kulemera kwa katundu ayezi atachotsedwa, komwe kampani zachilungamo zimalemba padera, asanawerengere phindu lake. Manambala awiri olembedwa pa paketi, monga 21/25, amanena kuchuluka kwa ma prawns pa muyeso umodzi: akakhala aang'ono ndiye kuti ma prawns ndi aakulu, mtengonso ndi wokwera.

Nkhanu yamuwisi imagulidwa yamoyo. Ikhale yolemera m'manja ndipo igwedeze miyendo ikakhudzidwa. Yofera panjira imaola msanga kwambiri, ndipo poti palibe angadziwe kuti yafa liti, ndi yotaya. Nkhono za zigoba ziwiri nazo zikhale zotseka, kapena zitseke zikagogodedwa. Zosweka ndi zongoyasama zafa kale. Ma prawns aang'ono ouma, ogulitsidwa pa mulu kapena pa kapu, savuta kusunga, koma akhale ouma gwa, opanda nkhungu, otetezedwa ku ntchentche, ndipo asathiridwe mankhwala a m'nkhokwe ya chimanga pofuna kuthamangitsa tizilombo. Nawonso ndi ophika, osati ongotafuna. Poti amakhala ndi mchere wambiri, mayi amene kusikelo anamuuza kuti BP yake ndi yokwera afunse kaye azaumoyo.

Pamoto

Kwa eni malesitilanti, a chiwaya ndi ootcha kanyenya, ntchito imayambira pa kusungunula. Katundu asungunukire m'firiji usiku wonse, kapena m'jumbo yomanga yoviika m'madzi ozizira, osati padzuwa kapena m'beseni pansi pa benchi. Prawn wopsa amasintha kuchoka pa mtundu wotuwa woonekera mkati n'kukhala woyera mkati monse, kunja kwa pinki. Amene ali ndi kachipangizo koyezera kutentha aonetsetse kuti pakati pafika madigiri osachepera 63. A WHO amalimbikitsa 70 pa zakudya zonse za nyama. Ngozi ya pamakala ndi yakuti kunja kumapserera mkati mukadali mwamuwisi, makamaka prawn wamkulu akaikidwa pamoto asanasungunuke. Kudula mmodzi pakati kuti aone sikuluza.

Nkhanu imanyenga chifukwa chigoba chimafiira msanga mnofu usanapse. Yapakatikati imafuna kuwira mphindi 15 mpaka 20 kuwerengera pamene madzi abwatanso, yaikulu kuposerapo. Nkhono za zigoba ziwiri ziwire mpaka zitseguke, kenako zipitirize kuwira mphindi zitatu mpaka zisanu, ndipo iliyonse imene yakana kutseguka itayidwe, osaikanula ndi mpeni. Ndimu, viniga, tsabola wa piripiri ndi mowa zimakometsa, koma siziphika. Mnofu woviikidwa mu ndimu umayera ngati wapsa pamene tizilombo tili moyo.

Matenda ambiri a m'malo odyera sachokera mu mphika koma pambali pake. Mpeni umene wasenda ma prawns ukadula tomato ndi anyezi wa saladi, kapena mbale imene inanyamula nkhanu zaziwisi ikalandiranso zopsa, ntchito yonse ya moto yapita pachabe. Thabwa lodulira la nsomba likhale lakelake, manja asambidwe ndi sopo, ndipo kansalu kopukutira tebulo kasamakhale kamodzi tsiku lonse. Zotsala zilowe m'firiji pasanathe maola awiri, zidyedwe mawa lake zitatenthetsedwa mpaka kubwata. Woperekera zakudya naye adziwe mbale zomwe zili ndi zinthu zaziwisi kapena zozizira, monga sushi ndi saladi wa ma prawns, kuti mayi wapakati akafunsa ayankhidwe zoona, mwaulemu, osati kumukakamiza kufotokoza za mimba yake pagulu.

Adye zochuluka bwanji?

Amayi ena amamva za mercury n'kusiyiratu chilichonse cha m'madzi. Mercury ndi chitsulo chimene chimaononga ubongo wa mwana amene akukula, ndipo kuphika sikuchichotsa. Koma chimachuluka mu nsomba zikuluzikulu za m'nyanja yamchere zodya zinzake, zokhala zaka zambiri, monga shaki, swordfish ndi marlin. Ma prawns, nkhanu ndi kalamari zili m'gulu la zochepa mercury. Bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la ku America, la FDA, limalangiza amayi oyembekezera kudya nsomba ndi nyama za m'madzi za gulu limeneli kawiri kapena katatu pa sabata, magalamu apakati pa 227 ndi 340 zonse pamodzi. Zimapereka zomanga thupi, ayodini, zinki, vitamini B12 ndi mafuta a omega-3 amene amathandiza ubongo ndi maso a mwana. Kupatula mayi amene thupi lake limadana nazo: ngati anatupapo milomo, kutuluka zidzolo kapena kubanika atadya nkhanu kapena ma prawns, asayese n'komwe, chifukwa vuto limeneli silitha ndi kuphika.

Wogulitsa wachilungamo anganenenso kuti ma prawns si mankhwala. Mayi amene sangakwanitse mtengo wake sakumana mwana wake kanthu, pakuti usipa, matemba ndi utaka zodyedwa ndi mitu ndi minga yomwe zimapereka kashiamu, ayironi ndi zinki pa mtengo wotsika kwambiri. Zikhulupiriro zoletsa amayi apakati zakudya zina, monga yakale ija yakuti akadya mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi, zamana amayi ambiri zakudya zofunika popanda chifukwa. Si bwino kuti nkhanu ndi nsomba zilowenso m'gulu limenelo chifukwa cha mantha chabe.

Mayi wapakati amene watentha thupi, akusanza kapena kutsegula m'mimba kosalekeza, wachita chikasu m'maso, akutaya magazi, kapena waona kuti mwana wachepetsa kugunda, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo auze adokotala zomwe wadya m'masabata apitawa. Asangogula mankhwala a malungo pa okala. Nthenda ya Listeria imachizika ndi mankhwala a kuchipatala ikapezeka msanga, ndipo mwana angathe kupulumuka. Wogulitsa amene wamva kuti kasitomala wadwala atadya katundu wake aimitse kaye gulu lonse la katunduyo, adziwitse ena amene anagula, ndipo auze alangizi a zaumoyo a pamsika. Kulemba m'kope tsiku lopikula, kwa yemwe wapikulako ndi omwe wawagulitsa kumathandiza pa nthawi ngati imeneyi.

Chomaliza ndi nyengo. Boma la Mozambique limatseka usodzi wa ma prawns kwa miyezi ingapo chaka chilichonse kuti aswane, kawirikawiri kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Malichi, ndipo masiku enieni amalengezedwa chaka ndi chaka. Nthawi imeneyi ndi yomweyo imene maoda a Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano amachuluka, kunja kukutentha, mvula ikugwetsa mapolo a magetsi. Katundu amasowa, mtengo umakwera, ndipo mapaketi amene anakhalitsa pansi pa firiza amatulukira pamsika. Munthu akabwera mu Januwale ndi ma prawns aakulu n'kumati agwidwa dzulo, wopikula afunse kaye kumene achokera, ngati ndi oweta m'madamu kapena a m'nyanja, ndipo aone tsiku lolembedwa pa paketi asanatulutse ndalama.